Amuna Anga Ataiwala Chinyanja

Amuna anga anagwa Lachiwiri lina m'mawa, m'nyengo ya mvula, ali pa ntchito pa galaja ina ku Kanyama, mu Lusaka. Anzawo anati anawerama kuti atole sipanala, osadzukanso. Uthenga unandipeza pa msika pomwe ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ndipo mmene ndinkafika kuchipatala matope anali atandimata mpaka m'mawondo, chifukwa minibasi inatitsitsira kutali, woyendetsa atakana kulowa m'madzi. Adokotala anati ndi sitiroko. Mkono wamanja ndi mwendo wamanja zinali zitafa. Za kulankhula sananene kanthu tsiku limenelo, ndipo ine sindinafunse.

Patapita masiku anayi anayamba kulankhula. Ndinayandikitsa khutu, poganiza kuti lilime ndilo lalemera. Mawu ankatuluka bwinobwino, kungoti sanali a Chinyanja. Sanali a Chingerezi, sanalinso a Chiswahili chija ankakalipira nacho madalaivala a malole a ku Dar es Salaam. Chinali Chibalochi, chinenero cha kwawo, chimene m'zaka zonse za ukwati wathu ndinkangochimva akamang'ung'udza nyimbo pometa ndevu kapena akadzimenya chala ndi hamala. Namwino wina anandiuza kuti zoterezi zimachitika. Anati nthawi zina matendawa amasesa zonse zimene munthu anaphunzira atakula, n'kumusiyira chimene anayamwa.

"Chinyanja chizabwelela?" ndinamufunsa.

"Kapena," anatero, akusintha botolo la madzi a m'mitsempha. "Kapena iyayi."

Ine ndinabadwira ku Kanyama konkuno. Agogo anga aamuna anachokera ku Nkhotakota kudzasoka zovala mu Lusaka, ndipo banja lathu lonse linakulira m'mbali mwa mzikiti umodzi. Kumeneko n'kumene abale anga anadziwirana ndi munthu amene anadzakhala mwamuna wangayu, makaniko wamtali, wosalankhulalankhula, wa manja akuda ndi girisi. Anachoka kwawo asanakwane zaka makumi awiri. Anayamba wagwira ntchito ku maiko a Aluya, kenako ku Dar es Salaam, kenako anatsatira malole mpaka kufika kuno, n'kukhazikika. Anthu a m'komboni ankawatcha Bamwenye. Poyamba ankakana. Ankati, "Ine sindine mwenye, ine ni Mbalochi." Anthu ankaseka n'kuyankha kuti, "Chabwino, Bamwenye." Pambuyo pake anatopa nazo, n'kumangoyankha.

Za kwawo ankanena mwa apo ndi apo, ndipo ine sindinkaumiriza. Ankati kwawo si tauni. Ndi tasili, ndiye kuti kachigawo ka kumidzi ka boma lalikulu, kumadzulo kwa Pakistan. Dzina la tasiliyo ndinalimva kangapo koma lilime langa silinalizolowere. Ankati kuli midzi yomwazikana m'mbali mwa mtsinje wa mchenga wokhawokha, mapiri opanda mtengo, mbuzi, ndi timinda ta kanjedza wobala tende, zipatso zija timamasulira swaumu, kusala kudya kwa ife Asilamu. Madzi amabwera m'ngalande za pansi pa nthaka zochokera kumapiri, ndipo banja lililonse lili ndi nthawi yake yothirira. Pakati pa tasiliyo pali ofesi imodzi ya boma, ya mbendera pakhomo. Anthu onse kumeneko amalankhula Chibalochi, kupatula akuluakulu a mu ofesiyo, otumizidwa kuchokera kutali. Makalata ankalemba mayi awo akadali moyo. Atamva kuti amwalira, analeka. Zimene ndinkadziwa zinali zomwezo basi.

Kuchipatala anatitulutsa patapita milungu itatu. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, ndipo chaka chimenecho madzi analowa kawiri. Bedi tinalikweza pa mabuloko. Mwana wathu ndi mmodzi, wamkazi, wokwatiwa ku Chawama, ndipo amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni, choncho ankabwera Loweruka masana ndi Lamlungu. Masiku ena onse ndinali ndekha ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mkhristu wa kwaya, amene ankabwera m'mawa kudzandithandiza kutembenuza wodwala. Kumsika ndinasiya kupita.

Kunyamula munthu wamkulu n'kolemetsa, kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku dzuwa kulibe n'kotopetsa, koma chimene chinandifooketsa kwenikweni chinali kulankhula kwawo. Munthu amene anakhala zaka zonse ali wa mawu ochepa tsopano sankatseka pakamwa. Ankandiyang'ana m'maso n'kunena chinthu momveka bwino, n'kudikira. Ndinkabweretsa madzi, akana. Ndinkabweretsa tiyi, akana. Ndinkakonza pilo, ndinkabweretsa chitini chokodzera, ndinkatsegula zenera. Iwo ankabwereza mawu omwewo mokweza, ngati ine ndine wogontha. Tsiku lina anakankha kapu ndi dzanja lamanzere, tiyi n'kutayikira pa bulangete limene ndinali nditangoliyanula. Ndinatuluka panja n'kukhala pa buloko, osalira, kungokhala.

Aneba anandipeza pomwepo. "Ba neba, nanga bakamba chani bamuna banu?"

"Kaya. Naine nimvela chabe monga imwe."

"Koma imwe bamakumvelani?"

Funso limenelo sindinalidziwe yankho lake, ndipo mpaka lero sindilidziwa bwino. Ndikati tsegulani pakamwa, ankatsegula. Ndikawafotokozera kuti mvula yagwetsa chimbudzi cha anthu a kuseri, ankangondiyang'ana.

Ashehe athu atabwera kudzawaona anati ndipite m'tauni, kwa anthu a mtundu wawo. Kwa ashehe, monga kwa tonsefe, amwenye onse anali amodzi. Ndinasiya wodwala ndi aneba n'kukwera minibasi kupita ku Kamwala. Ndinalowa sitolo ndi sitolo, za nsalu, za mapoto, za njinga. Ena ankaganiza kuti ndabwera kudzapempha, n'kundiuza kuti ndibwere Lachisanu. Bambo wina wachikulire wogulitsa nsalu anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati iwo ndi Agujarati, makolo awo anachokera ku India, ndipo Chibalochi sanachimvepo chibadwire. Ndinapita maulendo atatu. Paulendo wachitatu ndi pamene wina anandilozera kwa bambo wina wa ku Pakistan wogulitsa matayala.

Bamboyo anali munthu wabwino. Anabwera yekha mpaka kunyumba kwathu, galimoto ataisiya pa msewu waukulu, thalauzi atalipinda. Anakhala m'mphepete mwa bedi, anapereka salamu, amuna anga anayankha. Kenako analankhula nawo Chiurdu, chinenero cha boma kwawoko. Amuna anga anamugwira dzanja n'kuyamba kukhuthula mawu, nkhope itawala. Mlendoyo anamvetsera, anamvetsera, kenako anatembenukira kwa ine.

"Amayi, pepani. Ichi si chathu. Namva mawu awiri atatu chabe."

Anandiuza kuti kwawo ndi kwa amuna anga n'kotalikirana kuposa Lusaka ndi Dar es Salaam, ndipo iye kumeneko sanapondeko. Anafunsa ngati pali pepala lililonse la kwawo. Ndinatsitsa sutikesi yakale, ndipo pansi pa zovala za chikondwerero cha Idi tinapeza chitupa chothetheka m'mbali, cha chithunzi cha mnyamata woonda amene ndinachita kumuyang'anitsitsa kuti ndimuzindikire. Mlendoyo anawerenga dzina la tasili ndi la mudzi, anajambula chitupacho ndi foni, n'kunena kuti atumiza kwa msuweni wake ku Karachi, kumene Abalochi ndi ambiri.

Panapita mwezi ndi theka. Mvula inatha, matope anauma n'kusanduka fumbi. Ndinali nditaiwala kale za chitupa pamene foni yanga inalira Loweruka lina masana, mwana wanga ali pomwepo. Pa galasi la foni panaoneka mwamuna wa ndevu, kumbuyo kwake kuli thambo loyera ndi phiri. Ankafuula dzina la amuna anga. Anali mwana wa mng'ono wawo. Pambuyo pake tinamva kuti kumudzi kwawo foni sigwira bwino, ndiye anayenda pa njinga yamoto mpaka pa boma, n'kukwera pa denga la sitolo ina pafupi ndi ofesi ija.

Ndinagwira foni pamaso pa amuna anga pafupifupi ola lathunthu. Analankhula, analira, anaseka kamodzi, analiranso. Mkono wanga unachita dzanzi, ndinasinthira wina, nawonso unachita dzanzi. Ndinaima pamenepo m'nyumba yanga, pambali pa mwamuna wanga, ngati mtengo wopachikapo foni. Sindikunena izi modandaula. Ndinakondwa kuti apeza wowamva. Koma kukondwako kunali kwa patali, ngati kuona ukwati wa anthu ena uli m'minibasi.

Mwana wa mng'ono wawoyo ankadziwa Chingerezi chochepa cholemba, ndiye madzulo ake anatumiza uthenga, mwana wanga n'kundimasulira. Mng'ono wawo anamwalira. Mlongo wawo anamwaliranso zaka ziwiri zapitazo. Mwa ana atatu a nyumba imeneyo, wotsala anali wogona pa bedi langayu.

Ndinalemba mafunso anga kuti mwana atumize: kodi akumva kupweteka pati, kodi akufuna chiyani akamafuula masana. Yankho linabwera patapita masiku asanu, ndipo silinakhudze mafunso anga. Linali la munda. Munda wa tende wa bambo awo, pamodzi ndi nthawi yake ya madzi, unalembedwa ku ofesi ya tasili m'maina a ana atatu aja. Adzukulu sakanatha kuugawana popanda mawu a wachitatuyo. Popeza kwa zaka zambiri kunali zii, abale anali atayamba kale kukonza mapepala osonyeza kuti anamwalira kunja, ndipo nkhaniyo inali pafupi kutha. Tsopano munthu wapezeka wamoyo. Zonse zinayenera kuyambiranso, ndipo pankafunika kalata yodindidwa chala chawo, yonena kuti gawo lawo akulisiya m'manja mwa mwana wa mng'ono wawo.

Mwana wanga atawerenga anaika foni pansi. "Amama, musalole. Gawo ya ababa ni yanga. Banthu aba sibanafunseko ngakhale kuti ababa badya chani."

"Uzayenda kukathilila iwe?"

"Si nkhani ya kuthilila."

"Nanga ni ya chani?"

Ine ndinalibe mphamvu zokangana. Ndinati eni ake ndi awa, tiwafunse. Koma kuwafunsa kwake kunali kodzera mwa munthu yemweyo wofuna mundayo. Anaimba foni, analankhulana nthawi yaitali, kenako analemba kuti abambo ake aakulu avomera. Kodi anawauza chiyani? Kodi iwo anayankha chiyani? Panalibe wina wotiuza. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti tsiku limene tinabweretsa pepalalo, amuna anga anatambasula okha dzanja lamanzere, n'kudinda chala mwamphamvu mpaka inki inafalikira. Mwana wanga anatuluka panja, ndipo Lamlungu lotsatira sanabwere.

Pepala limenelo linandiyendetsa Lusaka yense. Pankafunika chidindo cha loya, kenako chidindo china chotsimikizira chidindo cha loya. Ofesi ina anati ndibwere ndi mwini wake. Ndinawauza kuti mwini wake sayenda. Anati ndibweretse kalata ya dokotala yonena kuti sayenda. Ulendo uliwonse unkatanthauza kupempha aneba kuti asiye ntchito zawo, kudzuka m'mamawa kusambitsa wodwala, kuima pa mzere mpaka miyendo kutupa, n'kubwerera kudzapeza zofunda zanyowa. Titatumiza, pepalalo linakanidwa ku tasili chifukwa dzina la amuna anga pa mapepala a ku Zambia linasiyana chilembo chimodzi ndi la m'buku la kumeneko. Tinakonza n'kutumizanso. Mmene linkafika, kalaliki amene ankaidziwa nkhaniyo anali atasamutsidwa, ndipo watsopanoyo anafuna kuti kalatayo ilembedwe mwa mtundu wina. Ofesi imene sindinaionepo, ya m'dera limene sindingathe kulitchula dzina, inkandilamula nthawi yodzuka. Pamenepo ndinauza mwana wanga kuti alembe kuti ine ndatopa, adikire.

Thandizo lenileni linachokera kwa munthu amene sindinamuganizireko. Tsiku lina chakumasana foni inalira, ndipo m'malo mwa mwamuna wa ndevu panaoneka mayi wovala mpango wofiira wopeta maluwa. Anali mkazi wake. Zikuoneka kuti anabwera naye pa boma kudzagula zinthu, n'kutenga foni mwamunayo ali mu ofesi. Analankhula ndi amuna anga mofatsa, kufunsa pang'ono, kumvetsera kwambiri. Kenako anandikodola ndi dzanja kuti foni ndiitembenuzire kwa ine.

Ananyamula botolo la madzi n'kunena kuti, "Ap." Anabwereza mpaka nanenso ndinanena. Anatulutsa m'thumba mkate wopyapyala wozungulira. "Nagan." Kenako anadzigwira m'chiuno chakumanja, anakwinya nkhope. "Dard." Analoza kumene kunali amuna anga, anadzigwiranso m'chiuno. Nditawatembenuza n'kuyang'anitsitsa ndinapeza malo ofiira pa fupa la m'chiuno, chilonda chikufuna kuyamba. Ndinali ndikuwasambitsa tsiku lililonse osachiona.

Kuyambira pamenepo mayiyo ankatumiza mawu ojambulidwa akapeza mpata, liwu limodzi kapena awiri, ndi chithunzi cha chinthucho. Ndinkawalemba kuseri kwa kalendala monga mmene khutu langa lawamvera. Ndinamva kudzera mwa mwamuna wake kuti ndiye anadwazika apongozi ake mpaka kumwalira. Mawu anga sanapitirire makumi awiri, koma anakwana kuti ndidziwe chimene amuna anga ankafuula masana onse aja. Ankafuna kutuluka panja. Ankafuna dzuwa basi. Miyezi itatu yathunthu ndinkawabweretsera tiyi munthu akupempha dzuwa.

Ine ndi aneba tinayamba kuwanyamula pa mpando m'mawa uliwonse, kuwaika pakhomo, kutsamira khoma. Unali mwezi wa Juni, kukuzizira. Ankakhala pamenepo maso atatsinzina, anthu odutsa n'kumawapatsa moni, "Mwauka bwanji, Bamwenye?" Iwo ankakweza dzanja lamanzere. Kufuula kunachepa. Mkate uja ndinayesa kuuphika pa chiwaya pa mbaula, monga mmene mayiyo anandionetsera. Amuna anga analuma, anatafuna, anandiyang'ana n'kunena mawu amene sanali pa kalendala yanga. Anadya theka. Tsiku lotsatira anadyanso theka, ndipo ndinapitiriza kuphika.

Chinyanja sichinabwerere. Anamwalira mu Okutobala, Lachinayi masana, kukutentha kwambiri, sitiroko yachiwiri itawapeza ali pa mpando wawo pakhomo. Tinawaika m'manda tsiku lotsatira itatha swala ya Ijumaa, mapemphero a Lachisanu. Amakaniko anzawo anabwera ambiri, ndiponso bambo wa matayala uja. Mayi wa mpango wofiira anatumiza mawu aatali, akulira mwa nyimbo, mawu a akazi ena akumveka kumbuyo. Ndinawamvetsera kamodzi ndili ndekha. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe mwa amene ndinaphunzira.

Ndikanali pa eda, masiku amene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba, uthenga unabwera wopempha kalata ya imfa. Sindinakwiye. Ndinali nditadutsa pokwiyira. Mwana wanga anaitumiza. Koma kalatayo inatchula kuti womwalirayo wasiya mkazi ndi mwana, ndiye ofesi ya tasili inati tsopano olowa m'gawo lija ndife, ndipo pafunika kuti tisayine ife. Ine ndinasayina pepala langa tsiku lomwelo limene linafika. La mwana wanga linakhala ku Chawama miyezi inayi.

Anabwera nalo Loweruka lina, ali ndi pakati pooneka, n'kukhala pa bedi la bambo ake.

"Amama, nichite bwanji?"

"Ni va atate bako. Ine nasiliza mbali yanga."

Anatenga foni n'kulemba kuti asanasayine akufuna kuona mundawo. Tinadikira mpaka Lachitatu. Chithunzi chitabwera anadutsira kuno pochokera ku ntchito kuti tionere limodzi. Panali mitengo ya kanjedza yowerengeka, ina itauma nsonga, kakhoma ka dothi kogumuka mbali imodzi, ndi kangalande kopapatiza moti mwana angakalumphe. Mbuzi ina inaima pa khomalo ikuyang'ana wojambula. Kumbuyo kunali phiri lotuwa.

Mwana wanga anakulitsa chithunzicho ndi zala, anachiyendetsa uku ndi uku, ngati akufunafuna china chimene chabisika m'mphepete.

"Ni ivi chabe?" anatero.

"Ni vamene ivo."

Anachiyang'anabe kwa nthawi. Kenako anapempha cholembera, anasayina atatsamiritsa pepala pa bondo, n'kufunsa ngati ndingamuperekeze kwa loya m'mawa mwake. Ndinamuuza kuti miyendo ikundipweteka, apite ndi mwamuna wake. Anapita, anadinditsa, anatumiza. Ngati kalaliki wa kumeneko analilandira kapena analipezanso chifukwa, sitinamve, ndipo palibe mwa ife amene wafunsa.